A Rabi a Enoch Soko pa Chinkhoswe cha ku Kasenengwa

Ku Kapata mukafunsa nyumba ya aphunzitsi a Enoch Soko, anthu savutika ndi kukulozerani. Amangoti, "Tsatani msewu uwu mpaka mupeze mtengo wa mango wopindika." Mtengowo unabadwa wowongoka bwinobwino ngati anzake. Chinaupinda ndi chipumi cha a Soko. Munthuyu ankayenda akuwerenga, ndiye anauwomba mtengowo m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka, mpaka unatopa n'kuyamba kuwapatukira wokha.

A Soko anabadwira m'banja la anthu a mishoni. Agogo awo anali mphunzitsi, bambo awo mphunzitsi, ndipo akuti tsiku limene Enoch anabadwa sanalire ngati ana ena. Anangoyang'ana azamba n'kuwafunsa ngati amaliza homuweki. Atakula anaphunzitsa m'sukulu za pulaimale mpaka choko chinawalowa m'magazi. Mukakwera minibasi mu Chipata muno, kondakitala ndi mwana wawo wa m'kalasi, dalaivala ndi wawo, ngakhale wapolisi woimitsa minibasiyo ndi wawo, ndipo onse atatu akawaona amabisa manja kumbuyo. Chimene sanachite ndi chimodzi chokha, kukwatira. Poyamba ankalipirira sukulu azing'ono awo, kenako ana a azing'ono awowo, kenako imvi zinangofika osagogoda. Mkulu wawo, a Gerson, amene anali kalaliki ku boma, amati chaka china Enoch anatsala pang'ono kufunsira mbeta, koma tsikulo linagundana ndi mayeso a giredi seveni.

Atayandikira kupuma ntchito, anawatuma kuti akayeretse chipinda chosungiramo katundu pasukulu. M'menemo anapeza katoni ya mabuku akale ochokera kunja, chiswe chitadya kale theka n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Pansi pake panali buku limodzi lonenepa, limene chiswe chinalilawa n'kulisiya. Linali lotsegulira kumbuyo. Pamwamba pa tsamba panali zilembo za Chihebri, zooneka ngati nkhuku yaponda pa ufa, ndipo m'munsi munali Chingerezi. Zinali ndemanga za rabi wina, Myuda wophunzira kwambiri amene anakhalako ku Ulaya zaka mazanamazana zapitazo, akufotokoza Malemba vesi ndi vesi. A Soko analimangirira pa keriyala, njinga inalira njira yonse.

Anthu inu, chikondi chinayambira pomwepo. A Soko anali atawerenga Malemba kuyambira ali wakhanda, koma ankawerenga ngati munthu wothamangira basi. Rabiyu ayi. Patsamba loyamba lenilenilo anali atafunsa kale chifukwa chake nkhani ikuyambira pamenepo osati pena. Liwu likabwerezedwa, ankaima n'kufunsa kuti labwerezedweranji. Munthu akasowa pamalo pamene amayenera kutchulidwa, ankafunsa kuti wapita kuti. Ndipo penapake, atafufuza n'kulephera, ankangolemba kuti sakudziwa. A Soko atafika pamenepo anavula magalasi n'kupukuta misozi. Moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi mphunzitsi wovomera kuti sakudziwa, kuphatikizapo iwo eni.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndiye ulaliki wawo unasintha. Chilichonse chinali "a Rabi akuti, a Rabi akufunsa." Ankanena ngati kuti wangosiyana nawo pa geti. Amayi a chigwirizano anafika pogwirizana kuti a Rabi ndi nkhalamba ina yodwala miyendo imene a Soko akuisunga kunyumba, mpaka Lachinayi lina anabwera ndi nkhuku ndi sopo kudzaona wodwala.

A Elesi Mbewe, amake Chimwemwe, anawapeza ndi mwendo. A Elesi anali mayi wamasiye wa ku Kasenengwa, Mkatolika wa kolona m'khosi, mlimi wa mtedza ndi thonje, wa manja oti akakupatsani moni mumawerenga zala pambuyo pake. Tsiku lina anabwera ku msika wa Kapata ndi thumba la mtedza wosenda. A Soko anatulukira, mphuno ili m'buku, n'kulipunthwa thumbalo. Mtedza unamwazika mpaka wina akuti anautola ku Mchinji.

"Pepani mayi," anatero a Soko, maso akadali patsamba.

"Pepani sadzaza thumba, bambo. Tsekani bukulo, gwadani."

Anagwada. Anatola mtedza umodziumodzi, suti yonse fumbi, ana awo akale a sukulu ataima mozungulira ngati akuonera mpira. Pomaliza a Elesi anawapatsa wodzaza dzanja kuti adye panjira. Sabata yotsatira a Soko anabweranso pamalo omwewo, opanda chogula. Sabata inayo anapalasa njinga mpaka ku Kasenengwa, akuti akufuna kuona mmene thonje limamerera.

Zinthu zinkayenda bwino ndithu. Za mipingo anagwirizana kuti aliyense azipemphera kwawo, Mulungu akaphatikiza yekha kumwambako. Koma matenda akale sachoka ndi mtedza wodzaza dzanja. Tsiku lina a Elesi anavala chitenje chatsopano, anadzola mafuta, n'kuima pamsewu wopita ku Kapata kudikira. A Soko anafika akuwerenga, anakweza maso pang'ono, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Muli bwanji mayi? Ndinu kholo la mwana uti?" Anadutsa.

A Elesi anakhululuka, poti ndi Akhristu. Patangopita milungu yochepa zinachitikanso, ulendo uno pamaso pa mkulu wawo wa a Elesi, a Fainess, mayi wa pakamwa poti wailesi ikawamva imadzitseka yokha. Pamenepo a Elesi sanaseke.

"A Soko, ndamvani. Ine ndinakhalapo kale pabanja. Malemu aja anali ndi zolakwa zawo, koma ankandidziwa ngakhale ndili kutsidya kwa dambo nditasenza nkhuni. Sindingakalambe ndi munthu wondifunsa dzina m'nyumba mwanga."

"Amake Chimwemwe, kunali kuwala kwa dzuwa..."

"Pachinkhoswe adzatulutsa akazi ofunda zitenje kuti muloze wanu. Mukadzalakwitsa, basi. Mukakwatire bukulo, a Rabi anuwo adzadalitse."

Mwambo umenewu, wotulutsa akazi ofundidwa kumutu mpaka kumapazi kuti mwamuna asankhe wake, amachitira anyamata ndi atsikana, ndipo ndi masewera chabe. Wolakwitsa amasekedwa, mwambo n'kupitirira. A Gerson anakadandaula kwa a Alfonsi, mlongo wawo wa a Elesi amenenso anali nkhoswe, kuti anthu a imvi sawachitira zimenezi.

"Imvi n'zawo," anayankha a Alfonsi, "koma kukwatira n'koyamba. Kwathu kuno munthu amene sanakwatirepo ndi mnyamata. Akadakhala ndi mphamvu tikanamulimitsanso munda wa apongozi."

A Soko anadziwa kuti kwa ena onse adzakhala masewera, koma kwa a Elesi ayi. Anawaona m'maso tsiku lija, ndipo kameneko kanali koyamba kuwayang'anitsitsa osaphethira. Chakudya chinasiya kulowa. Anaonda mpaka lamba anazungulira kawiri. Ankayesa kukumbukira mapazi a a Elesi, koma chimene chinkabwera m'mutu ndi zilembo za Chihebri. Ndiye anachita zimene ankachita pa vuto lililonse, anatsegula buku kumbuyo kuja.

Anapita pa nkhani ija mukuidziwa, ya mnyamata amene anaweta ziweto za apongozi zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha mtsikana, koma kutacha anapeza kuti amupatsa mkulu wake wa mtsikanayo. Rabi anali ataima pomwepo, monga mwa khalidwe lake, akufunsa kuti munthu wamaso ake zinamuchitikira bwanji. Ndipo anafotokoza kuti mnyamatayo anali atakayikira kale apongozi akewo, choncho anapangana zizindikiro zachinsinsi ndi wokondedwa wake.

A Soko analumpha mpaka mutu unagunda malata. Zizindikiro! Anakwera njinga osatseka n'chitseko chomwe.

Anawapeza a Elesi kumunda akuzula mtedza. Anafotokoza nzeruyo akupuma wefuwefu. Chitenje chimabisa zonse koma mapazi. A Elesi adzangogwedeza chala chachikulu cha phazi lakumanzere, nkhani yatha.

A Elesi anakutumula dothi ku mtedza. "Kumeneko si kubera mayeso, aphunzitsi?"

"Ayi, ndi za m'Malemba. A Rabi akuti ngakhale makolo akale anachita."

"Chabwino, chala ndigwedeza. Nanga poti anapangana zizindikiro, mnyamatayo analakwitsa bwanji?"

Apa munthu wanzeru akanati dzuwa lapendeka, ndiyambepo. Koma mphunzitsi ukamufunsa funso wamuthira mowa. A Soko anakhala pa mzere, anakonza magalasi, n'kulongosola zonse bwinobwino. A Rabi akuti mtsikana uja ataona kuti akutenga mkulu wake, anamva chisoni kuti mkuluyo achita manyazi pagulu, ndiye anamuuza zizindikiro zonse. "Taganizani chifundo chimenecho, amake Chimwemwe! Mkazi wotere ndi wosowa pansi pano. Akazi onse akanatengera chitsanzo chimenechi!"

"Oho," anatero a Elesi. "Akanatengera chitsanzo."

"Ndithu!"

"Ndamva, aphunzitsi. Muyende bwino."

A Soko anapalasa akuimba nyimbo ya chitsitsimutso. Anali atafika pakati pa njira pamene mawu awo omwe anawapeza kumbuyo ngati mwala wa legeni. Anafinya mabuleki, njinga inaima, iwo anapitirira.

Tsiku la chinkhoswe linafika ngati mmene amafikira masiku onse oopedwa, mofulumira. Anthu anadzaza pabwalo la a Alfonsi. Akatolika anakhala mbali iyi, a mishoni mbali iyo, mbuzi pakati. A Soko anavala suti imene anaisita mpaka inkatha kuima yokha. Buku analisiya ku Kapata, a Gerson atawalanda pakhomo.

A Alfonsi analandira alendo, anawerenga nkhope, n'kufunsa modandaula kuti, "Nanga a Rabi aja sanabwere? Tinawasungira mpando wotsamira."

"Miyendo," anayankha a Gerson msangamsanga.

"Pepani. Tiwapatsira kanyama kofewa."

Ankhoswe analankhulana zawo, nkhuku zinasinthana manja, kenako amayi anayamba nyimbo. Kuchokera m'nyumba munatuluka akazi atatu, aliyense atafundidwa chitenje kuchokera kumutu mpaka mu akakolo, akuyenda pang'onopang'ono ngati milu ya thonje yamera miyendo. Anawaimika pamphasa. Zitenje zofanana, msinkhu wofanana, mapazi onse osavala ndi ofiira ndi dothi la ku Kasenengwa.

"Mnyamata, dzuka," anatero a Alfonsi. "Tionetse wako."

A Soko anadzuka. Anayandikira mphasa, anaweramitsa mutu, n'kuyang'ana phazi lakumanzere la woyamba.

Chala chinagwedera.

Mtima unati myaa. Anakweza dzanja kuti aloze, koma diso linagwera pa wachiwiri. Chala chinkagwedera. Wachitatu ndiye ankagwedeza ngati akupalasa makina osokera, zala zonse zisanu, mpaka mphasa inayamba kusuntha.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Panalibe amene sankadziwa za chizindikirocho, ngakhale mbuzi. Thukuta linatsika m'khosi mwa a Soko, linadutsa msana, n'kukadzaza nsapato. Analoza kumwamba ndi maso, koma kumwamba kunali mitambo yokha.

"Sankhani, bambo, nsima ikuzizira!" anakuwa wina.

"Tengani onse atatu, mwachedwa kale!"

A Gerson anawanong'oneza kuti, "Loza wapakati, iwe. Pa mayeso ukasowa yankho umasankha lapakati."

Dzanja la a Soko linanyamukadi kulunjika wapakati. Koma zaka zonse zija zokhala ndi nkhalamba ya m'buku sizinapite pachabe. M'mutu mwawo, pakati pa phokoso lonselo, munabwera kafunso kaja kozizira. Chinthu chanenedwa katatu, chifukwa chiyani? Ndipo ndani akusowa pano amene amayenera kukhalapo?

Anatsitsa dzanja. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso, n'kuyamba kuliwerenga bwalolo pang'onopang'ono, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Anaona a Alfonsi akudziluma milomo. Anaona amayi oimba, ndipo anazindikira kuti akuyang'ana iwo, palibe akuyang'ana akazi a pamphasa. Anaona nkhokwe, mtondo, njinga zotsamira pa mtengo. Ndiye anaona galu.

A Elesi anali ndi galu wofiira, wa khutu limodzi logwa, dzina lake Adzatopa. Galuyu sankasiyana ndi mbuye wake. Kumunda limodzi, kuchitsime limodzi, ku Misa ankadikira pakhomo mpaka dalitso lomaliza. Mathalauza a a Soko ankamudziwa bwino, poti anawafupikitsa kangapo. Tsono lero mbuye wake akuti waima pamphasa, ndipo Adzatopa sali pamphasa. Wagona uko, pakhomo pa kakhitchini kotseka, mphuno ataitsamiritsa pansi pa chitseko, mchira ukusesa fumbi.

A Soko anayang'ananso akazi atatu aja. Akanena kuti palibe, koma a Elesi ali pomwepo pansi pa chitenje, ndiye kuti awakana pamaso pa mudzi wonse, ndipo kumeneko n'koposa kulakwitsa. Bwanji ngati m'khitchinimo muli nyama chabe? Galu ndi galu. Anayang'ananso. Nyama inali kuseri, pamoto, fungo lake likumveka mpaka ku Mtenguleni, ndipo agalu ena onse a m'mudzimo anali komweko. Uyu yekha ndiye anasankha chitseko.

Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa giredi wani.

"Palibe."

"Mwati bwanji?" anafunsa a Alfonsi, dzanja kukhutu.

"Ndati palibe. Amake Chimwemwe sali pamphasa pano."

A Alfonsi anapukusa mutu.

"Mnyamata, taganiza bwino. Ukukana ana athu onse atatu?"

"Ndi abwino onse, Mulungu awadalitse ndi zala zawo. Koma wanga mwamutsekera umo." Analoza kukhitchini.

Maso onse anatembenukira kuchitseko. A Soko amati nthawi imeneyo inatalika moti anamva ndevu zikumera. Kenako chitseko chinalira, galu anadzuka n'kuyamba kuvina, ndipo a Elesi anatuluka atavala chitenje chija chatsopano, akupukuta maso ndi nsonga ya duku.

Nthungululu zake, mbalame zinasamuka m'mitengo. Akatolika ndi a mishoni anasakanikirana osadziwanso kuti wa kolona ndani. Wapakati uja anaponya chitenje, ndipo anali a Fainess.

"Alamu, mwandikana!" anakuwa. "Dzanja linabwera kale kwa ine, ndinaliona pa kabowo! Mukanangoloza, lero lomwe ndikanakwera pa keriyala. Chala changa chatupa ndi kuyeserera sabata yonse, mundigulire mafuta!"

A Soko anayang'ana a Fainess, anaganiza za moyo umene unawaphonya ndi utali wa chikhadabo. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, suti ndi tayi zonse. Anapuma mpweya umene anausunga kuyambira tsiku la kumunda lija, ndipo akuti nkhokwe ya a Alfonsi inasasuka denga.

A Elesi anabwera n'kugwada pambali pawo monga mwa ulemu, nkhope ili pansi, koma mawu anali awo omwe aja.

"Mwadziwa bwanji, a Soko?"

A Soko anatsegula pakamwa kuti alongosole zonse mwadongosolo, kuyambira funso loyamba. A Gerson anawaponda phazi.

"Mtima," anatero a Soko. "Mtima unandiuza."

"Bodza. Mkulu wa mpingo wabodza. Ndimakuonani pa mng'alu wa chitseko, mumayang'ana galu."

A Soko anagwetsa nkhope. "Ndi galu, amake Chimwemwe."

"Ndiye mukuchitiranji manyazi? Munaima pabwalo pathu n'kuyang'ana chilichonse mpaka mwapeza pamene ndili. Ine ndimafuna chimenecho." Anawakutumula fumbi paphewa, kukutumula kwake kwa mlimi, moti a Soko anatsokomola. "Dzukani, anthu akuona. Mukadye, mwatsala mafupa okhaokha. Sindikufuna ku Kapata azikanena kuti ndinakwatiwa ndi hang'ala ya suti."